Mzere wa a Tembo pa thabwa la amalume

Amalume anga, a Gelevaziyo Mbewe, tinawaika m'manda chaka chatha nthawi yozizira, chimanga chili kale m'nkhokwe. Anamwalira monga ankachitira zinthu zawo zonse, osafunsa munthu. M'mawa anadandaula kuti phala lachepa mchere, masana anagona pa mphasa pakhonde, ndipo pobwera kudimba ndinapeza atatisiya. Kuno ku Kasenengwa anthu amawakumbukira ngati munthu wa mivi, ndipo ena amawonjezera kuti anali wovuta. Zonse ziwiri n'zoona. Ine ndinawaphikira kuyambira pamene akazi awo anamwalira, choncho kuvuta kwawoko ndikukudziwa kuposa aliyense, ndipo ndikuwasowa koopsa.

Bango ankakadula okha kumtsinje wa Lutembwe, mvula itatha kalekale. Ankabwera ndi mtolo waukulu pa njinga, koma akayamba kusankha ankatsala ndi mabango oti n'kuwafumbata dzanja limodzi. Otsalawo ankandiponyera kuti ndimangire khola la nkhuku, ndiye nkhuku zanga zinkagona m'nyumba yabwino kuposa yanga. Nsonga ankasula kuchokera ku misomali ikuluikulu. Nthenga ankafuna za nkhanga basi, ndiponso za phiko limodzi. Munthu akabweretsa zosakaniza, za kumanja ndi za kumanzere, ankamubweza nazo. Ankati nthenga za mapiko awiri pa muvi umodzi zili ngati mitala, iliyonse imakokera kwake.

Mikangano sinkawachoka. Anakangana ndi anyamata a malegeni chifukwa chothamangitsa nkhanga m'phiri. Anakangana ndi ine chifukwa ndinasesa tizidutswa ta phula timene ankamatira ulusi. Anakangananso ndi akatekisiti chifukwa cha chithunzi cha m'tchalitchi, cha woyera uja womangidwa pamtengo atalasidwa mivi thupi lonse. Anthu onse ankachiona n'kumva chisoni, koma amalume anaima patsogolo pake mapemphero atangotha n'kunena mokweza kuti wojambulayo sanagwirepo uta, chifukwa mivi yonenepa chotero singafike ngakhale pa chitseko. Akatekisiti anawauza kuti chithunzicho n'chothandiza kupemphera, osati kuphunzirira kusaka. Amalume anayankha kuti iwo chikuwasokoneza kupemphera, ndipo kuyambira pamenepo ankakhala pa benchi yomwe chithunzicho sichinkaoneka.

Alendo akabwera kwathu, choyamba kufunsa chinali thabwa lokhomedwa pakhoma la khonde. Anthu ankalitcha sikelo ya a Mbewe. Linali thabwa wamba, la chitseko chakale, lokhala ndi misomali iwiri yotalikirana ngati mkono wa munthu wamkulu. Amalume ankagoneka bango pa misomaliyo, pakati pake n'kukolekapo chitsulo cha kasemasema wopanda mpini. Bango linkapindika ndi kulemerako, ndipo kuseri kwake, pathabwapo, panali mizere yowotcha ndi waya wamoto. Bango lolimba linkapindika pang'ono n'kuima pa mzere wa m'mwamba, lofewa linkatsikira m'munsi. Akatero ankalitembenuza n'kuliyezanso, poti bango lili ndi mbali yolimba ndi mbali yaulesi.

Mizereyo inalibe manambala. Uliwonse unali wa munthu. Amalume ankafotokoza kuti muvi wabwino kwa aliyense kulibe. Uta wamphamvu ukaupatsa bango lofewa, limagwedezeka m'mwamba kapena kuthyoka pomwepo, ndipo uta wofewa ukaupatsa bango lolimba, muvi umakhotera kumbali. Choncho panali mzere wa a Sakala, mzere wa ana a a Zulu, mzere wa amalume eni ake, ndi ina yambiri. Anthu ankakonda kudzaona pomwe ali, ndipo amene mzere wake unali m'munsi ankasekedwa pa mowa. A Tembo okha ndiwo anali ndi mizere iwiri, wina pamwamba pa yonse, wina pansi penipeni pafupi ndi wa anyamata.

A Tembo anali mnzawo wa amalume kuyambira ali abusa a mbuzi. Anali munthu wamtali, wa mapewa otambalala, ndipo uta wawo panalibe wina m'mudzi amene ankatha kuukoka mpaka kukhutu. Kucheza kwa awiriwa kunali kunyozana. A Tembo ankati amalume amasankha bango ngati akusankha mkazi, amalume n'kuyankha kuti a Tembo amakoka uta ngati ng'ombe pa ngolo. Masiku amenewo thabwa kunalibe. Amalume ankangotenga bango, kulipinda pakati pa zala, kulizunguza pang'ono, basi adziwa mwini wake. Zala zawozo ndizo zinali dzina lawo.

Kenako kunabwera chilala chija, chaka chomwe tinadya ufa wa chimanga chachikasu. M'minda munalibe kanthu. Amene anali ndi dimba lonyowa ndiye anali ndi moyo, ndipo anyani a m'phiri nawonso anadziwa zimenezo. Ankatsika dzuwa lili pamutu, osaopa kukuwa kapena kuwomba zitini. A Tembo anali ndi dimba la chimanga chachiwisi lomwe linkadyetsa nyumba zingapo, ndipo anabwera kudzatenga mivi yatsopano. Amalume anapinda mabango monga mwa masiku onse, anamanga, n'kuwapatsa.

Tsiku lotsatira anyani atalowa m'dimba, a Tembo anakoka uta wawo uja. Muvi unathyoka pakati usanachoke pa uta, ndipo chidutswa chakumbuyo chinalowa m'dzanja lamanzere, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, n'kutulukira kuseri. Anawatengera kuchipatala pa ngolo. Bala linapola patapita nthawi, koma chala chachikulucho chinauma osapindikanso, ndipo dzanja lonse linaonda. Pomwe iwo ankagona kuchipatala, anyani anamaliza dimba lija.

Apa ndi pomwe amalume anachita chinthu chomwe chinandipweteka mtima. Anakana. Anauza aliyense wofunsa kuti bangolo linali labwino, koma a Tembo ndiwo anakoka mopitirira muyeso monga mwa chizolowezi chawo. Kuchipatala sanapite kukawazonda. A Tembo atabwerera sanakadandaule kwa munthu, sanatukwane, anangosiya kudutsa njira ya kwathu. M'tchalitchi wina akakhala kutsogolo, wina ankakhala kumbuyo. Anthu awiri amene ankadyera mbale imodzi anatha nyengo yonse ya mvula osapatsana moni. Amalume anasiya kupanga mivi, ati chilala chawononga mabango. Ankangokhala pakhonde manja ali m'khwapa, ndipo kukalipa kwawo kunasiya kukoma.

Choonadi ndinachidziwa ndi mphuno. Tsiku lina masana amalume ankasula mpeni wanga wothyoka, ine ndikupeta mtedza chapafupi, ndipo ndinamva fungo la nyama yopserera. Nditacheuka ndinaona agwira chitsulo chamoto ndi zala, akuchiyang'anitsitsa ngati palibe chikuchitika.

"Amalume, mukupsa."

Anaponya chitsulocho n'kubisa dzanja. "Waona chiyani iwe Naphiri? Peta mtedza wako."

"Ndaona zala zanu. Zayamba liti?"

Anandifunsa ngati ndikudziwa pomwe panagona agogo anga, amayi awo. Ndinkadziwa pang'ono chabe, poti nkhaniyi kwathu sitinkaikamba. Agogowo anadwala khate amalume ali mwana. Anawamangira kanyumba kunja kwa mudzi, ndipo amalume ndiwo ankawapititsira chakudya. Ankachisiya pa mwala, n'kubwerera m'mbuyo, amayi awo n'kubwera kudzatenga. Atamwalira sanaikidwe kumanda a anthu onse. Ndipo matendawo, anatero amalume, anayamba chimodzimodzi, ndi zala zosamva moto.

Ndinawauza kuti masiku ano khate lili ndi mankhwala, tipite ku Chipata. Ndinawakumbutsanso kuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, ndipo anandiyankha kuti za mivi ndisawaphunzitse ine. Kuchipatala anakana. Koma patangopita masiku ochepa ndinawapeza akuzula chitseko cha khitchini yakale.

Thabwalo silinabadwe tsiku limodzi. Poyamba anakoleka mwala womanga m'kansalu, koma ana anautenga kukaswera mtedza, ndipo mwala wina umene anatola sunalemere mofanana. Anayesa botolo la madzi, madzi n'kumachepa ndi dzuwa. Misomali anaizula n'kuikhomanso mpaka thabwa linadzaza mabowo. Pomaliza anachotsa mpini wa kasemasema wawo, ati chitsulo sichimwa madzi ndipo ana sachifuna. Chinatsala chinali chovuta kwambiri. Thabwa linkangoonetsa kuti bango lapindika chotani, koma silinkadziwa kuti ndi la yani. Kuti alembe mzere wa munthu, ankafunika muvi wakale wa munthuyo, womwe mwini wake amaukhulupirira, kuti auyeze. Anayenda khomo ndi khomo kubwereka mivi, akunamizira kuti akufuna kuona ngati nthenga zili bwino. Mizere inachuluka. Pamwamba pa thabwa panatsala malo opanda kanthu, ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti ndi a yani.

M'mawa wina anandiuza kuti ndigwire tambala wathu wamkulu ndiwatsatire. Tinapeza a Tembo atakhala pansi pa mtengo wa mango, akuyesa kuswa mtedza ndi dzanja limodzi. Akazi awo ankakazinga wina pa moto chapambali. Anatipatsa mipando, koma moni unali wa mayi okha.

"Mwabwera kudzaona ntchito ya manja anu, a Mbewe?" anafunsa a Tembo, osakweza mutu.

Amalume anaimirira. Anapita pamoto paja, anatola khala lofiira ndi zala, n'kubwera nalo kudzaima patsogolo pa mnzawo. Mayi aja anagwira pakamwa.

"Sindikumva kanthu, a Tembo. Bango lija ndinalipinda, koma zala sizinandiuze."

A Tembo anamenya dzanja la amalume, khala n'kugwa pansi. "Zinayamba liti?"

"Mvula isanakane."

"Ndiye pondipatsa mivi ija munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Mukanakamba, bangolo ndikanalipinda ndekha. Zala ndinali nazo ine."

"Ndinkaopa kuti ndi matenda a amayi," anatero amalume, ndipo mawu awo anali aang'ono moti sindinawazindikire. "Ndinkaopa mwala uja."

A Tembo ankaudziwa mwalawo, poti ali ana ankawaperekeza amalume kukasiya chakudya. Anayang'ana chala chawo chouma. Ine ndinali nditagwirabe tambala, ndipo ndinkaganiza kuti atithamangitsa, ndiponso kuti akatero sakhala atalakwa. M'malo mwake anatambasula dzanja labwino lija n'kugwira dzanja lopsa la amalume, analitembenuza uku ndi uku, analisisita ndi chala. Kenako anauza akazi awo kuti abweretse thobwa m'chikho chimodzi. Anawapatsa amalume kuti ayambe, ndipo atamwa, iwo anamwera pomwepo pamene panali milomo ya amalume.

"Ndinu chitsiru, a Mbewe," anatero akupukuta pakamwa. "Chala changa chapita chifukwa cha manyazi anu. Manje mawa tipita ku Chipata. Mupalasa ndinu, ine dzanja munandithera."

Anapitadi, nkhalamba ziwiri pa njinga imodzi, akukangana njira yonse za amene akulemera. Kuchipatala anawapima amalume n'kupeza kuti si khate, ndi matenda a shuga amene anapha mitsempha ya m'zala. Anabwera ndi mapiritsi ndi lamulo losiya shuga mu tiyi, ndipo lamulolo analidandaula mpaka imfa yawo kuposa matenda enieniwo. Madzulo ake a Tembo anatumiza mwana ndi muvi wawo wakale, wakuda ndi utsi. Amalume anauyeza n'kuwotcha mzere wa pamwamba pa yonse.

Koma mzere umenewo sunagwirepo ntchito. Uta waukulu uja dzanja la a Tembo silikanathanso kuugwira. Amalume anasema wina wofewa, anauyesa okha pa thunthu la nthochi masiku ambiri mpaka anapeza bango logwirizana nawo, ndipo anawotcha mzere wachiwiri uja, wa pansi. Mivi yoyamba yochokera pa thabwalo inali ya a Tembo. Anaipereka ndi manja awiri. A Tembo anauyang'ana utawo n'kunena kuti ndi wa ana a sukulu, koma anaulandira. Amalume anawapempha kuti alase thunthu la nthochi lija pomwepo, iwo anakana, ati munthu wamkulu sayesa uta pamaso pa akazi, akayesera kudimba.

Lamulungu lotsatira potuluka m'tchalitchi amalume anafunsa, ngati nkhani yopanda pake, kuti mivi ija ikuyenda bwanji.

"Ikuuluka bwino," anayankha a Tembo. "Olo nyani wamkulu uja wasiya kubwera."

Tsiku limenelo amalume anadya kawiri. Anayambiranso ntchito, ndipo mivi ya pa thabwa inatchuka mpaka ku Madzimoyo. Munthu watsopano akafuna mivi ankamuuza kuti abwere ndi uta wake, osati ndi pakamwa pokha. Zala zawo sankazibisanso, ndipo akafuna kuwongola bango pamoto ankandiitana kuti ndiwauze ngati latentha. Chaka chilichonse, bango likauma, mtolo woyamba unali wa a Tembo. Ankauyeza mosamala kuposa ya anthu onse, kutembenuza bango lililonse kangapo, ndipo lokayikitsa ngakhale pang'ono ankalithyola pabondo kuti lisasokonekere m'gulu. Chaka chilichonse ankafunsa funso lomwe lija, ndipo a Tembo ankayankha chimodzimodzi. Ine ndinkakhulupirira kuti amalume anabweza zimene anawononga, ndipo ndinkakondwera nawo.

Titameta maliro, anthu atabalalika, a Tembo anabwera atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'thumba la feteleza. Anachitsitsa pakhonde n'kumasula. Inali mivi, mitolo yonse ya zaka zimenezi, yomangidwabe ndi luzi la amalume. Nthenga zinali zosalala, nsonga zosakhudza dothi. Uta wofewa uja unali pomwepo, nsinga yake ili yatsopano.

"Ndabweza katundu wa eni ake," anatero.

"Simunalasepo, a Tembo?"

"Dzanja ili silifumbata, mwana wanga. Ndinayesa kamodzi kudimba, uta unagwa pansi ndisanakoke n'komwe. Anyani ndimawathamangitsa ndi agalu."

"Nanga bwanji simunawauze?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Munthu uja akanasiyanso ntchito n'kukhala manja m'khwapa mpaka kufa."

Ndinalira, ndipo mkati mwa kulirako ndinati bola anapita asakudziwa. A Tembo anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana.

"Iwe Naphiri, unakhala nawo zaka zonsezi. Muvi wolasira umatha nthenga, umapindika nsonga, umabwerera kwa mmisiri. A Sakala ankabwera ndi yawo mwezi ndi mwezi. Wanga unauonapo ukubwera kudzakonzedwa?"

Sindinauonepo. Ndipo amalume, amene ankadziwa muvi uliwonse wotayika m'phiri ndi mwini wake, sakanalephera kuona chimene ine ndinalephera. Ankadziwa, n'kumadulabe bango, n'kumayezabe pa mzere wa pansi uja, n'kumafunsabe Lamulungu. Mnzawo nayenso ankadziwa kuti akudziwa.

Mivi ija ndinaikweza kudenga la nyumba ya amalume, chifukwa palibe wina m'mudzi amene uta wake ukugwirizana nayo. Nyumbayo ndimaitsegula kamodzikamodzi kuti ipite mphepo. Khonde ndimasesa, ndipo tsopano palibe wondikalipira za phula. Pomwe ankakhala pali kadzenje m'dothi kamene miyendo ya mpando wawo inakumba, ndipo nkhuku zimasambamo fumbi. Anyamata ena anapempha thabwa lija kuti azipangira mivi yawo, ndinawauza kuti akakhome lawo, misomali siisowa.

Chifukwa china chimene ndinakanira n'chakuti pa misomali pali bango. Tsiku lomwe anamwalira anali atayamba mtolo wa chaka chimenecho, ndipo anapita kukagona atasiya bango limodzi pathabwa, kasemasema ali chikolekere. Ali moyo sakanalola zimenezo, ankati chitsulo chikagonera pa bango chimalipha. Lakhala pamenepo dzinja lonse ndi chilimwe, ndipo lapindika mpaka kupitirira mizere yonse. Ndinafuna kulichotsa, a Tembo anandiletsa.

Amabwerabe Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi. Amakhala kumapeto kwa khonde, mbali yawo yakale, ine n'kuwapatsa madzi. Sakamba zambiri, poti wokangana naye palibe. Sabata yatha anakhala nthawi yaitali akuyang'ana bango lopindikalo, dzanja lowuma lili pabondo.

"Limeneli linali langa?" anafunsa.

Ndinawauza kuti inde, unali mtolo woyamba.

"Likanauluka bwino," anatero, n'kutenga ndodo yawo kubwerera kwawo.